Mfuti ya paintball

Ichi ndi chida cha masewero oyerekeza nkhondo, chimene chimalavula timipira ta utoto ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa. Poyamba ntchito yake inali kuika zizindikiro pa mitengo ndi ng'ombe. Masewero oyamba anachitikira ku New Hampshire, ku America, mu 1981. Mitundu ina ya mfutiyi, monga Tippmann 98, mwini wake amatha kuisintha mpope ndi kuiwonjezera zogwirira mpaka kufanana ndi ya asilikali.

Masewero akatha mpope umapukutidwa, ndipo timphira totseka mpweya timapakidwa mafuta ake. Mabwalo ambiri salola liwiro la timipira loposa mamita 90 pa sekondi.

M'madera otentha ngati Liwonde ndi Balaka, timipira timafewa padzuwa, choncho timafunika kusungidwa pamthunzi. Wosewera aliyense ayenera kuvala chigoba choteteza maso.