Mseu wa ku Thyolo

Munthu wopalasa njinga kucokera ku Limbe kunka ku Thyolo amadzera pa Bvumbwe, ndipo zitunda zimamtsitsa kawirikawiri, nakankha njingayo thukuta liri kamukamu. Komatu akale anabvutika koposa pa njira yomweyi.

Pamene a Mishoni a ku Scotland anamanga Blantyre m'caka ca 1876, katundu anali kuyenda pa mitu ya amtengatenga, Azungu nanyamulidwa m'macila. Tiyi anabzalidwa ku Thyolo m'caka ca 1908, caka comwe njanji inafika ku Blantyre kudzera pa Luchenza. Maclean Kay anatsegula munda wa Satemwa mu 1923.

Nanga anaswa mphanje ndani? Ambiri anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Malo okhalapo analipira ndi thangata, ndiyo nchito yogwirira mwini malo mokakamizidwa, nthawi yomwe minda yao inafuna khasu. Mtima wa anthu unasefukira mu August 1953: anatseka miseu, nadula mawaya a lamya, ndipo pa cipolowe cimeneco anthu 11 anaphedwa. Lamulo lothetsa thangata linadza mu 1962, koma nthaka yambiri yaconde inatsalabe m'manja mwa eni minda ya tiyi.