Kachilombo Kamene Kanadziulula ndi Mayendedwe Ake

Mvula ikayamba kudzaza madambo a ku Nyanja ya Chilwa ndi zithaphwi za m'mbali mwa Shire ku Liwonde, amayi a ku Machinga ndi ku Balaka amadziŵa kuti malungo ali pakhomo. David Livingstone pofika ku Chilwa mu 1859 ankadalira kwinini, koma chimene mankhwalawo ankapha sankachidziŵa. Madokotala a masiku amenewo ankati malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo.

Chinsinsi chinaululika kutali, ku Constantine m'dziko la Algeria, pa 6 Novembala 1880. Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali a ku France, anaika dontho la magazi a wodwala malungo pansi pa maikulosikopu. Timadontho takuda m'magazi otere ena anali atationa kale, koma ankatiyesa zinyalala za magazi oonongeka. Tsiku limenelo Laveran anaona timichira tikutuluka m'kanthu kozungulira, tikukwapula uku ndi uku mpaka kugwedeza maselo ofiira a magazi. Chinyalala sichikwapula: kanthuko kanali kamoyo. Anzake anamkayikira kwa zaka zingapo, ndipo mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anakapeza kachilomboko m'mimba mwa udzudzu.

Kachilomboka kamasintha maonekedwe pa moyo wake. Pamene udzudzu ukukalavulira m'khungu la mwana, kamakhala kowonda ngati ulusi, kopanda mchira ndi miyendo yomwe. Nanga kamayenda bwanji?

Funsoli n'lovuta kuposa mmene likumvekera. Mlimi wowoloka Shire akaleka kupalasa, bwato limapitirirabe pang'ono lisanaime. Kanthu kakang'ono ngati selo kalibe mwayi umenewo, pakuti kwa iko madzi ndi onata ngati uchi. Katswiri wa fizikisi Edward Purcell anafotokoza bwino mu 1977 kuti kanthu kotere kakangoleka kukankha, kamaima pomwepo. Tsono kuti kafike kumene kakupita, kayenera kukoka mosalekeza.

Chokokera chake n'chimene aliyense ali nacho m'thupi. M'minofu ya munthu muli mapuloteni aŵiri, actin ndi myosin. Actin, amene Brunó Straub anamtulukira ku Szeged m'dziko la Hungary mu 1942, amalukana n'kukhala timaulusi. Myosin amagwira kaulusiko, kukoka, kutaya, n'kugwiranso patsogolo, monga momwe asodzi amakokera chingwe cha khoka dzanja ndi dzanja. Mkono wonyamula khasu umapindika motero. Kachilombo ka malungo kali ndi actin ndi myosin wakewake, woyalidwa kunsi kwa chikopa chake. Kamamatira pamnofu wa munthu, myosin n'kukokera zomatirazo kumbuyo, iko n'kusendera kutsogolo.

Liŵiro lake n'loseketsa: kuti kayende milimita imodzi, pamapita mphindi pakati pa 8 ndi 17. Komabe n'lokwanira. Kamaboola khungu mpaka kupeza mtsempha, magazi n'kukanyamula kupita nako kuchiŵindi, kumene kamodzi kamaswa zikwizikwi. Mwana amayamba kutentha thupi patapita sabata kapena kuposerapo.

Ulendo waufupi umenewu, kuchokera pakhungu kufika kuchiŵindi, ndiwo akatswiri anaulondalonda popanga katemera wa RTS,S. Katemerayu amaphunzitsa thupi kuzindikira puloteni yokuta kachilomboko panthaŵi imeneyi, ndipo kafukufuku wa pa mbeŵa anaonetsa kuti chitetezo chotere chimatha kukafoola kadakali m'khungu. Mu Epulo 2019 Malaŵi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu kwa ana kusikelo, m'madera osankhidwa a maboma 11, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulumo. Mu Okutobala 2021 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti aperekedwe m'maiko ena a malungo ambiri. Sateteza kotheratu, n'chifukwa chake neti sachotsedwa pamphasa, ndipo mwana amayenera kubaidwa kanayi, kuyambira ali ndi miyezi 5.