Za Kuyeza Chikhodzodzo cha Mayi Amene Mkodzo Umamupulumuka

Pakati pa amayi amene amakhala pa mabenchi a chipatala ku Migowi, m'boma la Phalombe, kudikira kuti aonane ndi adokotala, sipalephera kupezeka ena amene adza atadziphimbira ndi kansalu kopinda m'kati mwa chitenje, amene akalowa m'chipinda amayamba atchula msana, kenaka mutu, kufikira potsiriza, maso ali pansi, anena chimene chawadzetsa, chakuti mkodzo umawapulumuka. Dandauloli ndi limodzi, koma nthenda zobisala m'menemo n'zosiyana, ndipo chimene chichiza ina sichithandiza inzake.

Alipo mayi amene amanyowa pokhapokha akatsokomola, akaseka kapena akamasenza ndowa ya madzi, pakuti minofu yogwiriziza njira ya mkodzo idafooka ndi uchembere ndiponso ukalamba. Alipo wina amene mkodzo umamugwira modzidzimutsa, nakafika kuchimbudzi zitatha kale, chifukwa chikhodzodzo chake chimadzifinya nthawi isanakwane. Wina sichimakhuthula wonse, motero chimadzaza n'kumasefukira. Koma iye amene mkodzo umamuchucha usana ndi usiku chibadwire mwana pa uchembere wovuta, matenda atatenga masiku, madokotala amamuganizira fistula, ndiko kubooka kwa pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Ameneyu amamuthira madzi a utoto wabuluu m'chikhodzodzo naona kumene atulukire, ndipo ambiri otere amakasokedwa ku Bwaila, mu mzinda wa Lilongwe.

Kusiyanitsa enawo ndiyo ntchito ya kuyeza kumene achipatala amakutcha urodynamics. Poyamba mayi amakodzera m'chiwiya chowerenga liwiro ndi kuchuluka kwa mkodzo, ndipo akatha amayeza wotsalira m'kati, umene mwa munthu wabwinobwino umakhala wochepa kwambiri. Pamenepo amalowetsa kachubu kowonda m'chikhodzodzo, ndi kena kunjira ya chimbudzi kapena yoberekera, nayamba kuthira madzi oyera pang'onopang'ono, akumufunsa kuti anene pamene wayamba kumva mkodzo ndi pamene sangathenso kupirira. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 mpaka 600. Nzeru yonse ili pa machubu awiriwo. Loyamba limamva kufinya konse kwa m'chikhodzodzo, lachiwiri limamva kwa m'mimba kokha, ndipo makina akachotsera kwachiwiriko pa koyambako, chotsala ndicho mphamvu ya chikhodzodzo pachokha. Mayi akauzidwa kuti atsokomole, mkodzo n'kudontha chikhodzodzo chili phee, cholakwa chili pa njira. Koma mzere wa pa makina woonetsa mphamvu ya chikhodzodzo ukakwera wokha iye atangogona chete, chikhodzodzo ndicho chosakhazikika.

Makina otere ndi odula, ndipo ine sindiona chifukwa chakuti mayi aliyense aziwafunafuna. Amafunika makamaka pamene zizindikiro zasokonezana, kapena pamene fistula yatsekedwa bwino koma mayi akunyowabe, zimene zimachitikira ena ndithu. Zambiri zimadziwika popanda magetsi. Dokotala woleza mtima amalumikiza sirinji yopanda chokankhira ku kachubu, naiimika m'mwamba, nathiramo madzi mamililita 50 nthawi iliyonse. Madziwo akaleka kutsika nayamba kubwerera m'mwamba mayi asanadzikakamize, ndiye kuti chikhodzodzo chadzifinya. Ena amapima thewera pa sikelo mayi asanalivale ndi pamene watha nalo ola limodzi, pakuti galamu imodzi yoonjezereka ilingana ndi mililita imodzi ya mkodzo. Ndipo zonsezi zisanachitike, mkodzo weniweniwo uyenera kupimidwa, chifukwa kuno kwathu, kumene madambo amatsetserekera ku nyanja ya Chilwa, likodzo nalo limavutitsa chikhodzodzo, monganso tizilombo ta m'njira ya mkodzo ndi matenda a shuga.

Chipatso cha kuyezaku n'chakuti wofooka minofu amaphunzitsidwa kuilimbitsa mwa kuifinya ndi kuimasula tsiku ndi tsiku, njira imene Arnold Kegel adaifalitsa mu 1948, ndipo zikakanika amachitidwa opaleshoni. Pamene wa chikhodzodzo chosakhazikika amaphunzira kutalikitsa nthawi yokodzera napatsidwa mankhwala monga oxybutynin, popeza kawirikawiri mpeni sumuthandiza. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu amayi amene mwaleka kupita kumsika ndi kumapemphero poopa fungo, nimuchepetsa kumwa madzi kufikira kudzipweteka, pitani kuchipatala mukanene momveka kuti mkodzowo umatuluka nthawi yanji, mukuchita chiyani, ndipo unayamba liti.