Nkhani ya Johnny Kitagawa: umboni unalipo, koma atolankhani anakhala chete

Mukukumbuka ndinkakonda kunena m'kalasi kuti pofufuza mbiri tizifunsanso zimene sizinalembedwe, ndi amene anasankha kusazilemba? Ena munkaodzera. Lero ndabwera ndi chitsanzo chochokera ku Japan, ku nyimbo za achinyamata zotchedwa J-pop.

Johnny Kitagawa anabadwira ku Los Angeles mu 1931. Atakhazikika ku Tokyo anayambitsa timu ya baseball ya anyamata, ndipo mu 1962 anatengapo anayi n'kupanga gulu loimba ndi kuvina lotchedwa Johnnys. Apa ndi pamene panayambira kampani ya Johnny & Associates. Anyamata ankalowamo ali aang'ono, ena a zaka 12 kapena 13, n'kumavina kumbuyo kwa otchuka kwa zaka zambiri, kudikira tsiku loti adzapatsidwe gulu lawo. Wosankha anali Kitagawa mwini. Mfundo imeneyi muigwire.

M'manja mwake munatuluka magulu monga Four Leaves, Hikaru Genji amene ankaimba atavala nsapato zamatayala, SMAP ndi Arashi. SMAP yokha inali ndi pulogalamu yake pa Fuji TV kuyambira 1996 mpaka 2016. Anyamatawa ankapezeka paliponse: m'masewero a pa kanema, m'magazini, ngakhale potsatsa malonda. Nanga ndi wailesi ya kanema iti ikanafuna kuyambana ndi munthu amene akanatha kuimana anyamata onsewa?

Mu 1988 Koji Kita, yemwe kale anali mu Four Leaves, analemba buku lonena kuti Kitagawa ankamugwiririra ali mnyamata. Ambiri sanalabadire. Mu 1999 magazini ya Shukan Bunshun inasindikiza nkhani zingapo zokhala ndi umboni wa anyamata ena. Kitagawa ndi kampani yake anakasuma kuti aipitsiridwa mbiri, ndipo mu 2002 anapambana. Koma mu 2003 khothi lalikulu la ku Tokyo linapeza kuti zimene magaziniyo inalemba pa za nkhanzazo zinali zoona, ndipo mu 2004 khothi lalikulu kwambiri m'dzikomo linakana apilo yake.

Apa ndi pamene pamandipweteka ine monga mphunzitsi. Sizinali mphekesera za pamsika ayi. Chinali chigamulo cha khothi, chopezeka kwa mtolankhani aliyense. Komabe mawailesi a kanema ndi manyuzipepala akuluakulu sanainyamule nkhaniyi, ena anangoigusa pang'ono. Kitagawa sanamangidwepo. Anamwalira mu July 2019 ali ndi zaka 87, ndipo mwambo womukumbukira unachitikira m'bwalo lalikulu la Tokyo Dome. Munthu wolemba mbiri podalira manyuzipepala a sabata imeneyo akanalemba za tate wokonda ana.

Zinthu zinatembenuka mu 2023, ndipo moto unayatsidwa ndi akunja. Mu March BBC inaonetsa filimu yofufuza nkhaniyi. Mu April woimba Kauan Okamoto anaima pamaso pa atolankhani akunja ku Tokyo, nkhope yake poyera, n'kufotokoza zimene anachitidwa kuyambira ali ndi zaka 15. Ena anatsatira. Mu September, Julie Keiko Fujishima, mwana wa mchemwali wake wa Kitagawa, anavomereza poyera kuti nkhanzazo zinachitikadi, anapepesa n'kutula pansi udindo wotsogolera kampaniyo. Makampani ambiri anasiya kugwiritsa ntchito oimbawo potsatsa malonda. Mu October dzina la Johnny linachotsedwa. Kampaniyo inakhala Smile-Up, ntchito yake kupereka chipukutamisozi, pamene oimba anasamukira ku kampani yatsopano ya Starto Entertainment.

Akatswiri amene kampaniyo inawapempha kuti afufuze anatulutsa lipoti lawo mu August 2023. Anati ochitidwa nkhanza anali mazanamazana, ndipo anatchula kukhala chete kwa atolankhani ngati chimodzi mwa zimene zinakulitsa vutoli. Anapezanso kuti nkhanzazo zinapitirira mpaka chapakati pa zaka za m'ma 2010, pafupifupi zaka khumi chigamulo chija chitaperekedwa kale.