Kutchinga

Kutchinga ndi kuima pakati pa chinthu ndi choopsa chimene chikuchilondola. Kwa Mavwere ku Mchinji, mlimi amatchinga dimba ndi mpanda kuti mbuzi zingadye ndiwo. Pa mpira mawuwa akutanthauza ntchito ya osewera kumbuyo, "otchinga kumbuyo", amene amatseka njira yopita kugolo.

Ntchitoyi si kungokankha mpira kutali ayi. Wotchinga amawerenga maganizo a mdani, amadziwa nthawi yolanda ndi nthawi yodikira, amalankhulana ndi goloboyi. Zonsezi n'zophunzitsidwa, koma m'mabwalo akumudzi aphunzitsi ambiri amathera mphamvu pa omwetsa zigoli, mwana wamtali n'kungouzidwa kuti "iwe khala kumbuyo". Zimandipweteka, chifukwa luso limafera pomwepo.

Mpira wa ku America, wa NFL, umagawa ntchitozi kotheratu: osewera 11 othira nkhondo amatuluka, 11 otchinga n'kulowa, gulu lililonse ndi mphunzitsi wakewake.

Kwathu wotchinga amathanso kugoletsa. Flames ya mphunzitsi Kinnah Phiri itagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, Peter Mponda anatsogolera kumbuyo, ndipo chigoli chachiwiri anamwetsa ndi mutu Elvis Kafoteka, wotchinga.