Buku la zojambula la wofuna kuphunzira tattoo

Wofuna kuphunzira ntchito ya tattoo amayambira papepala, singano imabwera pambuyo. M'mizinda monga London ndi Johannesburg, katswiri asanalandire wophunzira amafuna kuona buku la zojambula zake zomalizidwa, osati zokopera pa intaneti. Chimene amayang'anitsitsa ndi mizere. Iyenera kukhala yosanjenjemera, chifukwa inki ikalowa pakhungu sifufutika wamba, ndipo timizere tothithikana timasakanikirana pakapita zaka. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amayeserera kajambulidwe ka Sailor Jerry wa ku Honolulu, ka mizere yochindikala ndi mitundu yochepa.

Zithunzi za tattoo zodinda anzake kunyumba asaziikemo. Akatswiri ambiri amakana munthu wotere, poti zida zosasamalidwa bwino zimafalitsa matenda monga hepatitis B.