Malawisaurus: Buluzi wa ku Malawi

Mukalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Karonga, chokulonjerani ndi chifaniziro cha mafupa a chilombo cha khosi lalitali chotchedwa Malawisaurus. Dzinali ndi mawu awiri olumikizidwa: Malawi ndi "sauros" la Chigiriki, kutanthauza buluzi. Komatu sichinali buluzi ayi. Chinali dinosaur wodya zomera, ndipo chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Mafupa ake anapezeka m'boma la Karonga lomweli. Mu 1928 Sidney Haughton anachitcha Gigantosaurus dixeyi, polemekeza Frank Dixey, katswiri wa miyala. Dzina la dziko lathu linadzalowapo mu 1993, Louis Jacobs ndi anzake atafukula mafupa ena.

Zimandiwawa kuona ana akudziwa Tyrannosaurus wa m'mafilimu, chathuchi osachidziwa. Aphunzitsi, pitani nawo anawa ku Karonga akadzionere okha.